Nyemba za Terrence, Tirigu wa Delphine

Munthu amene aliyense ankadandaula naye m'nyumba yachitsulo ija anali Terrence Whitlock. Ankadya ngati mawa kulibe, mkonono wake unkamveka mpaka ku chipinda cha mapaipi, ndipo akakwera njinga yolimbitsira thupi, ija yopalasa uli pamodzimodzi, ankafwenthera ngati ng'ombe yokoka ngolo pachitunda. Ndiye tsiku limene m'mimba mwake munavuta, dokotala wa kunja n'kulamula kuti atuluke akamuchite opaleshoni, anzake atatuwo anamumvera chisoni ndithu. Koma tisanamizane, kuyambira tsiku limenelo anayamba kugona tulo tokoma.

Nyumbayo ili m'chipululu muno mu Arizona, yomatidwa moti ngakhale nyerere siingapeze polowera. Anthu anayi anadzitsekeramo kuti aone ngati angathe chaka osalandira kanthu kochokera kunja, monga adzakhalire amene adzapite ku Mars. Madzi amene wamwa lero ndi omwe unataya dzana, atasefedwa. Mpweya umene wapuma wachokera m'masamba a mbewu, ndipo umene watulutsa ndiye chakudya cha mbewuzo. Wodwala amaloledwa kutuluka kudzera m'kachipinda ka zitseko ziwiri. Kulowa ndiye ayi, kaya ndi munthu, kaya ndi supuni ya mchere.

Mlimi wa m'nyumbamo anali Delphine Arceneaux, mkazi wamfupi wa ku Louisiana, wa mawu akuluakulu oposa msinkhu wake. Zaka zake zabwino zonse anazithera kukangana ndi anthu okhulupirira makina, kuwauza kuti munda ndi anthu zikhoza kusungana zokha popanda kuitanitsa kanthu. Ankamuseka mwaulemu, kuseka kowawa kuposa kwachipongwe. Tsopano anali atamupatsa mpata, umodzi wokha, ndipo tirigu wake anali ndondondo pa mashelefu, pansi pa nyale zofiirira, atangoyamba kutulutsa ngala ndi kuchita maluwa.

Iyeyo ndiye anayamba kuona kuti zinthu zasokonekera. Pakhoma la chipinda cha mbewu panali chida choyezera mpweya uja timatulutsa popuma, umene anthu amautcha woipa. Delphine mawu amenewo sankawafuna. Woipa kwa ndani? Pa chidacho panali kamzere kobiriwira kamene kankakwera ndi kutsika, ndipo m'munsi mwake munali mzere wofiira. M'mawa umenewo kamzere kobiriwira kanali katatsetsereka.

"Nacho! Tabwera udzaone kuno."

Ignacio Barraza, amene onse ankangomutchula Nacho, ndiye ankayang'anira madzi ndi mapaipi. Anatulukira sipanala ili m'manja.

"Chavuta n'chiyani, chemwali? Tirigu wako wayamba kuyankhula?"

"Akanayankhula akanayamba ndi kukutukwana iweyo. Taona apa."

Nacho anayang'ana chidacho n'kukanda m'mutu. "Pali podontha?"

"Podontha ukanayamba kudziwa ndiwe. Palibe. Tiriguyu ndinadzala wokwanira mpweya wa anthu anayi. Opuma tatsala atatu."

 Nacho anaseka mpaka kukhala pansi, misozi mbwembwembwe.

"Ukundiuza kuti mkonono uja unali feteleza?"

"Mkonono, njinga, kufwenthera, zonse. Munthu uja yekha ankapuma za anthu awiri."

"Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa," anatero Nacho akupukuta m'maso. "Pepa Terrence m'bale wanga, tinkakudya miseche."

Delphine anaseka nawo, koma mtima unali utamuthawa. Tirigu akasowa chakudya pa nthawi ya maluwa, ngala zimatuluka zokongola bwinobwino, koma m'kati muli mankhusu okhaokha.

Nkhaniyo anakaitula patebulo nthawi ya chakudya chamasana. Mtsogoleri wawo anali a Gunnar Halvorsen, bambo wamtali wa ku Minnesota amene ankapinda ngakhale nsanza yopukutira mbale kuti ngodya zifanane. Sanali munthu woipa, ayi. Kungoti kuseka kwawo konse kunali kukweza nsidze imodzi. Anamvetsera mpaka Delphine atamaliza, kenaka anaika supuni pansi.

"Lamulo mukulidziwa, mayi Arceneaux. Kamzere kakafika pofiira, ndidula waya n'kutsegula thanki."

Thankiyo inali pakona ya chipinda cha mbewu, yodzaza mpweya wa ku fakitale, mpopi wake utamangidwa ndi kawaya. Kawayako kakaduka, tirigu apulumuka, koma akunja oyang'anira ntchitoyi adzalemba kuti munda walephera kudzisunga wokha. Ndipo nkhani ya Delphine idzathera pomwepo.

"Mukadula kawaya kaja mwandidula khosi ine, bwana," anatero Delphine.

"Ndiye tizimitse nyale zina, tirigu achepetse kudya."

"Pa nthawi ya maluwa? Tidzakolola udzu wofolera nyumba."

"Nanga mukufuna titani?"

Delphine analoza kabati yokiyidwa imene inali kuseri kwawo. "Chakudya cha Terrence chili umo. Nyemba, mpunga, mtedza, mbatata zouma, gawo lake lonse. Mpweya umene ukusowawu uli m'nyembazo. Pakufunika munthu woti azidye n'kuzitulutsa m'mphuno."

"Bwanji tingozithira m'thanki ya manyowa ziwole?" anafunsa a Halvorsen.

"Zidzawola tirigu atafa kale. Ng'anjo yachangu imene tili nayo muno ndi mimba ya munthu. Tidye gawo la Terrence, kenaka tilitenthe ndi thukuta."

Nacho anakweza dzanja ngati mwana wasukulu. "Ine bwana ndadzipereka. Za sayansi sindikana."

Mawu amenewo sanali nthabwala yokha. Chilowereni m'nyumbamo ankadya moyeza, ndipo malamba anali atawaboolera mabowo atsopano. A Halvorsen anali ndi njala ngati anzawo, koma anapukusa mutu.

"Chakudya chimenecho ndi chotsala chathu chokha. Tikachidya, tirigu n'kukanikabe, tituluka muno ndi njala chaka chisanathe. Kabati sinditsegula."

Delphine anatuluka patebulopo atafufuma ndi mkwiyo, makamaka chifukwa bamboyo ankanena zoona.

Anayesa ndi zimene anali nazo. Njinga inali imodzi, ndipo ankasinthana iye ndi Nacho mpaka Nacho anayamba kuyenda motangadza ngati wakwera bulu kuchokera ku El Paso.

"Chemwali, kumbuyo kwangaku kwatha. Ndikafa udzalembe pamanda kuti anafera buledi."

"Tsika, nyamula chidebe icho uzithamanga nacho."

"Ndithamangire kuti? Ndikaponda kawiri ndagunda khoma."

Apa m'pamene Delphine anakumbukira kwawo. Kumeneko Loweruka likafika anthu amavina kuyambira masana, akodiyoni ikulira, wina akukwecha chochapira zovala chamalata chimene wavala pachifuwa, ndipo palibe amene amachoka malaya ali ouma. Nyimbo za amalume ake anali nazo mu kompyuta. Anaziyatsa m'kanjira ka pakati pa mashelefu a tirigu n'kumukoka Nacho dzanja.

Anavina ndithu. Kamzere kanatukula mutu pang'ono. Koma kuvina ndi mimba yopanda kanthu ndi kuzinamiza. Nyimbo zingapo zitadutsa, Nacho anaona chizungulire n'kukhala pansi, Delphine naye n'kukhala pambali pake. Ali apo wefuwefu anangoona kamzere kakubwerera kumene kanachokera. A Halvorsen anadutsa pakhomo, anawayang'ana, anakweza nsidze ija, n'kupitiriza ulendo.

Tsiku limene kamzere kanakhudza pofiira, Delphine anali akuthirira nyemba zazing'ono za pa shelefu yakumapeto. Anamva mapazi. A Halvorsen analowa ndi pulayala m'manja n'kulunjika ku thanki. Delphine sanakuwe, ndipo n'zimene zinadabwitsa onse. Anangoika chothirira pansi n'kukaima pambali pawo.

"Bwana, ndikufunseni chinthu chimodzi. Amene adzakhale ali pakati pa ulendo wa ku Mars, dziko lino likuoneka ngati kambewu ka mpiru, mnzawo mmodzi akadzadwala, thanki yawo idzachokera kuti?"



"Ine ndili ndi mantha," anapitiriza Delphine. "Mwina tidya zonse tirigu n'kufabe, ndipo mudzandinena mpaka kalekale. Koma tikadula apa sitiphunzira kanthu. Tingodziwa kuti mpopi umatseguka, zimene tikuzidziwa kale."

Bamboyo anayang'ana kawaya, anayang'ana tirigu. Ngala zinali zitayera ndi timaluwa tolendewera, tating'ono ngati nsabwe. Anaima nthawi yaitali moti Nacho, amene ankasuzumira pakhomo, anaiwala kutseka pakamwa. Kenaka anaika pulayala m'thumba, anapisa dzanja m'thumba linalo, n'kutulutsa kiyi.

"Nyemba zimatenga nthawi kupsa," anatero. "Kaziviikeni."

Madzulo ake anadya ngati pa ukwati. Delphine anaphika nyemba zofiira ndi mpunga monga amaphikira kwawo, tsabola wa pa shelefu osamuumira. Nacho anakazinga mtedza n'kuphika mbatata mphika wodzaza. Anadya osayankhulana, kumangomveka masupuni. A Halvorsen anawonjezera kawiri, ndipo kachitatu anachita kuyang'ana kumbali ngati dzanja lotengalo si lawo.

Ali m'kati modya, pawindo lagalasi lochindikala limene alendo amaonerapo panagogoda munthu. Anali Terrence, atatuluka m'chipatala, akuyenda mowerama pang'ono. Anatenga lamya yolankhulira ndi a m'kati.

"Akubaaa! Zimenezo si nyemba zanga?"

"Wachira, m'bale wanga?" anafuula Nacho pakamwa pali mpunga. "Tikukudyera maliro uli moyo!"

"Munkati ndimadya kwambiri. Lero taonani mbale ya a Halvorsen!"

"Terrence," anatero Delphine, "tinakulakwira. Tirigu akukulira. Palibe amene amapuma ngati iwe muno."

Terrence anadzigunda pachifuwa, kenaka anagwira pamimba chifukwa pachilonda panamupweteka. "Ndinkakuuzani ine kuti ndi mphatso. Ndiye mwadya, tsopano ndione thukuta. Sindichoka pano."

A Halvorsen anapukuta pakamwa n'kunena kuti iwo gawo lawo alipalasa panjinga. Anakakwera, msana uli chilili, kupalasa mwadongosolo ngati akupita ku tchalitchi. Delphine ndi Nacho anayatsa akodiyoni m'kanjira ka tirigu. Tsopano mimba zinali zokhuta, ndipo gule anakoma. Kamzere kanachoka pofiira, kanakwera pang'ono, n'kuima. Anavina, anavinabe, koma kanangoima pomwepo.

"Bwana!" anaitana Delphine akupuma mwabefu. "Kupalasa kwanuko n'kwa munthu wokagula nyuzi. Mwadya mbale zinayi, tikuzifuna!"

"Ndikupalasa monga mwa ndondomeko."

"Tirigu sadziwa ndondomeko. Tabwerani kuno."

"Ine sindivina, mayi Arceneaux. Muli makamera muno."

"Makamera akuonani kale mukunyambita supuni," anatero Nacho. "Ulemu unapita ndi nyemba."

A Halvorsen anatsika panjinga n'kudzaima pakhomo, manja kumbuyo. Anamvetsera nyimboyo kanthawi, nkhope ili gwa. Koma phazi lawo lamanja linali litayamba kale kuwapereka.

"Akodiyoni imeneyi mukuiliza mwaulesi," anatero mwadzidzidzi. "Kwathu pa ukwati imathamanga kuposa apa."

"Kwanu kumavinidwa?" anafunsa Delphine.

"Polka. M'chipinda cha pansi pa tchalitchi. Amayi anga ankatikakamiza."

Nacho sanadikire. Anathamangira pa kompyuta n'kupeza nyimbo yothamanga kuposa zonse. A Halvorsen anavula wotchi n'kuiika pa shelefu, anawerama pang'ono pamaso pa Delphine monga anawaphunzitsira amayi awo, n'kumugwira dzanja ndi m'chiuno.

Zimene zinachitika kenaka akunja amazikambabe. Bambo uja anadumpha. Sikunali kuvina kokongola, ndinene zoona. Mawondo ankafika pachifuwa, mutu unkangotsala pang'ono kugunda nyale, ndipo Delphine mapazi ake ankagunda pansi mwa apo ndi apo. Anamuulutsa mpaka kumapeto kwa kanjira, kutembenuka, n'kubwerera naye, mashelefu akugwedezeka. Koma ukaipa dziwa nyimbo, ndipo a Halvorsen nyimbo ankaidziwa. Nkhope inafiira ngati phwetekere, malaya ananyowa, ndipo kupuma kwawo kunali kwa mvukuto.

"Ameneyo ndiye mlowam'malo wanga!" anakuwa Terrence pa lamya. "Pumani, akulu, pumani!"

"Kakukwera!" anafuula Nacho akudumphadumpha pa chida chija. "Chemwali, kakukwera!"

 Delphine ankaseka, mpweya utamuthera, misozi ikusakanikirana ndi thukuta. Chiyambireni ntchito imeneyi anali asanasangalalepo chotere.

Kuyambira pamenepo linakhala lamulo la m'nyumbamo. Nyale za tirigu zikayaka, kudya kaye, kenaka gule. Masana chimodzimodzi. A Halvorsen, poti ndi a Halvorsen, anakonza zoti akhale ndi nthawi yake yeniyeni, ndipo wochedwa ankamukwezera nsidze. Nacho anawaphunzitsa kugwedeza chiuno monga amachitira kwawo kumalire, zimene bamboyo ankachita ngati akutsegula chitseko cholimba. Iwo anabwezera pomuphunzitsa Nacho polka mpaka anapempha kuti abwerere panjinga. Akunja, amene ntchito yawo inali kuyang'ana manambala, anayamba kumabwera msanga kuntchito, ena ndi akazi awo.

Koma kabati inkapepuka. Delphine ndiye ankatapamo, ndipo tsiku lililonse dzanja linkalowa mozama kuposa dzulo. Timaluwa tinayoyoka, ngala zinatupa, koma kutupa kwa ngala si umboni. Ankadutsa pakati pa mashelefu akuziyang'ana m'mbali, osafuna kuzikhudza. Munthu amene ankakalipira maprofesa pamisonkhano ankaopa kufinya kanjere ka tirigu.

M'mawa wina anakokota mtedza womaliza m'chitini, n'kuwauza anzake kuti za Terrence zatha.

"Ndiye tiyeni tikaone chimene tavinira," anatero a Halvorsen.

Analowa onse atatu m'chipinda cha mbewu. Delphine anasankha ngala ya pakati, anaigwira, n'kuisiya.

"Nacho, finya ndiwe."

"Ine? Manja anga ndi a m'mapaipi a kuchimbudzi, chemwali. Ndingalodze."

"Mundawu ndi wanu, mayi Arceneaux," anatero a Halvorsen mofatsa. "Ife tinangopuma."

Delphine anathyola kanjere kamodzi n'kukaika pakati pa zikhadabo. Anatsinzina, anafinya, anatsegula maso. Pa chala pake panali kadontho koyera ngati mkaka, kokhuthala. Anathyola kena pa shelefu yapamwamba, kena pakona pamene nyale siifika bwino, kena kumapeto kwenikweni. Konse kunali mkaka. Analawa, ndipo unali wotsekemera pang'ono.

"Muli chakudya," anatero ndi mawu aang'ono amene anzakewo anali asanawamvepo. Kenaka mawu ake enieni anabwerera. "Muli chakudya, anthu inu! Muli buledi umu!"

Nacho anamunyamula n'kuzungulira naye, akukuwa m'chinenero cha agogo ake. A Halvorsen anapita pa lamya, anakonza kolala ya malaya, n'kuuza akunja kuti tirigu wagwira njere ndipo kawaya kali m'malo mwake. Kunja kunamveka chiphokoso cha m'manja, ndi mawu a Terrence pamwamba pa onse akufunsa kuti buledi woyamba adzamupatsira pati.

Phokoso litazizira, a Halvorsen anayang'ana wotchi yawo n'kuyamba kuivula.

"Nthawi yakwana," anatero. "Bambo Barraza, yatsani."

"Basi bwana, pumulani," anatero Delphine akupukuta m'maso. "Tirigu akayamba kukhwima sadyanso kwambiri. Mpweya wa anthu atatu umukwanira. Gule watha, mwamasuka."

"Watha?"

"Watha. Mukhoza kubwerera panjinga yanu."

A Halvorsen anaima wotchi ili m'manja, osaivala, osaiika pansi. Anayang'ana m'kanjira muja, anayang'ana kudenga, anatsokomola. Kenaka anayenda pang'onopang'ono mpaka pa shelefu yakumapeto, pamene panali nyemba zazing'ono zija, n'kuwerama ngati dokotala.

"Nanga izi?" anafunsa osatembenuka. "Sizikuoneka zofooka kwa inu, mayi Arceneaux?"

Delphine anayang'ana nyembazo. Zinali zobiriwira bii, zonenepa, zikukwera zingwe mopikisana. Anayang'ana pakhoma, kamzere kali pamwamba penipeni, kutali ndi pofiira. Anayang'ana Nacho, amene anali ataluma mlomo kuti asaphulike.

"Zafookadi, bwana," anatero Delphine. "Zikapanda kuthandizidwa lero, kaya."

A Halvorsen anaika wotchi pa shelefu n'kutambasula dzanja.